Tebulo la Wophunzira wa ku China: Tiyamike Mtengo Kapena Mmisiri?

M'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzinda wa Shanghai, ku China, amasungamo tebulo lina lalikulu limene munthu wofulumira angathe kulipitirira osalicheukira n'komwe. M'litali mwake limatsala pang'ono kukwana mamita 2, m'mimba mwake limapitirira pang'ono mita imodzi, ndipo maonekedwe ake ndi oderako, opita kukuda, monga umakhalira mtengo umene Atchaina amautcha zitan ukakhalitsa. Lilibe madilowa, lilibe zogwirira zamkuwa, lilibenso golide. Chimene munthu amaona ndi thabwa lapamwamba, miyendo inayi, ndi matabwa ochirikiza ozungulira kunsi kwa thabwalo. Mau amene Pu Tong, mmodzi wa a m'banja lachifumu la Qing, adalembetsa pa tebuloli m'chaka cha 1907 amafotokoza kuti iye adalipeza ku banja la Song Luo, nduna yotchuka imene idakonda kusonkhanitsa zithunzi ndi mabuku akale. Motero tikudziwa amene adalisunga, tikudziwanso amene adalitamanda. Koma dzina la mmisiri amene adalipanga silidalembedwe paliponse.

Matebulo otere, amene adapangidwa chakumapeto kwa ufumu wa Ming (1368 mpaka 1644) ndi kumayambiriro kwa ufumu wa Qing umene udatsatira, masiku ano amawerengedwa m'gulu la zinthu zokongola koposa zimene anthu adapangapo ndi matabwa. Ife tikuvomereza chiweruzo chimenechi. Chimene tikukana ndi chifukwa chimene ambiri amapereka pochivomereza, pakuti akafunsidwa amayamba kutchula mtundu wa mtengo ndi kusowa kwake. Tiyesa kuonetsa kuti ulemu wa tebulo limeneli uli m'manja ndi m'mutu mwa mmisiri, ndiponso kuti kulakwa kwa oyamikira mtengo m'malo mwa ntchito kwafika mpaka m'nkhalango za kuno kwathu.

Tiyambe ndi munthu amene ankakhala pa tebulolo. Kwa zaka mazana ambiri, kufikira m'chaka cha 1905, njira yolemekezeka yolowera ntchito ya boma ku China idali mayeso a mfumu. Mnyamata ankaloweza mabuku a chiphunzitso cha Confucius, ankaphunzira kulemba nkhani ndi ndakatulo, ndipo akapambana ankasanduka nduna kapena woweruza. Zipangizo zake zidali zinayi: burashi yaubweya, inki youma ngati kamtengo, mwala woperera inkiyo ndi madzi, ndi pepala. Wolemba ndi burashi satsamiritsa dzanja monga timachitira ife ndi pensulo. Amaimiritsa burashi chilili, mkono wonse n'kumayenda, ndipo akamajambula mapiri kapena kulemba zilembo zikuluzikulu amaimirira. N'chifukwa chake tebulo lojambulira lidali lotakata kuti pepala liyalidwe lonse, ndipo silidaikidwe madilowa, kuti mwini wake azitha kukhala ndi kuimirira popanda chogunda maondo. Tebulo lokhala ndi timadilowa lidalipo ndithu, koma lidali locheperapo, la makalata ndi kuwerenga. Bambo Matteo Ricci, wansembe wa chipani cha Ajezuiti amene adafika ku Beijing m'chaka cha 1601 n'kumwalira komweko mu 1610, adalemba kuti Atchaina amagwiritsa ntchito matebulo, mipando ndi mabedi monga anthu a ku Ulaya, pamene mitundu yowazungulira imakhala pansi pamikeka. Chizolowezi chokhala pamipando chidafala m'nthawi ya mafumu a Song (960 mpaka 1279), ndipo n'chimene chidakweza tebulo kufika msinkhu umene tikuuonawu.

Tsono tiyeni tigwade, tisuzumire kunsi kwa tebulo, pakuti nzeru zake zidabisika kumeneko. Aliyense amene ali ndi chitseko chamatabwa amadziwa kuti nyengo ya dzinja chimatupa n'kumakana kutsekeka, ndipo mwezi wa Okutobala chimafota n'kusiya mpata wolowera mphepo. Thabwa limamwa chinyezi ndi kuchitulutsa moyo wake wonse, ndipo limatupira m'mbali, m'litali ayi. Mukalikhomera misomali mbali zonse, tsiku lina lidzang'ambika pofuna malo. Mmisiri wa ku Suzhou, mzinda umene udatchuka koposa pa ntchito imeneyi, adavomera khalidwe la mtengoli ndi kulipatsa njira. Ankapanga felemu ya matabwa anayi ochindikala, n'kusema kangalande m'kati mwake mozungulira, ndipo thabwa lapakati, lopyapyala, ankalilowetsa m'kangalandemo popanda kulimata. Likatupa limalowa pang'ono m'kangalande, likafota limabwerera. Kuti lisapindike, kunsi kwake ankalowetsako mitanda ingapo m'ngalande zopapatiza kukamwa koma zotakata pansi, kotero kuti mtanda sungazuke, komabe thabwa limatha kutsetsereka pamwamba pake.

Polumikiza miyendo njira yake idali yonga ya khasu ndi mpini: msuka wa thabwa lina umalowa m'bowo la linzake. Kungoti iwo adaipititsa patali njira imeneyi, napeza malumikizidwe amitundumitundu, uliwonse ndi dzina lake ndi ntchito yake. Pa tebulo la ku Shanghai lija mutu wa mwendo udagawidwa pakati kuti thabwa lochirikiza likhale m'mphandamo, ndipo mapewa a mwendowo adasemedwa motsetsereka kuti alowe m'malo owakonzera pa thabwalo. Zotsatira zake n'zakuti katundu akamalemera pamwamba, mfundoyo imakanirira kwambiri m'malo momasuka. Pa matebulo ena, amene miyendo yake ili pangodya penipeni, mmisiri ankaika kamtengo kokhota kochokera m'kati mwa mwendo kupita kunsi kwa thabwa lapamwamba, kamene amisiri adakatcha mkono wa chiphona. Msuka wake uli ngati mbedza. Ukalowa m'bowo amaukankhira m'mwamba n'kutsekera pansi pake ndi kachidutswa ka mtengo. Mukachotsa kachidutswako, mkonowo umatuluka. Guluu ankamugwiritsa ntchito pang'ono, wopangidwa kuchokera ku chikhodzodzo cha mpweya cha nsomba, ndipo amafewa ndi madzi otentha. Chifukwa cha ichi tebulo lotere likhoza kuphwasulidwa, chiwalo chothyoka n'kusinthidwa, n'kulimanganso monga lidaliri. Pomaliza ankalikwecha ndi udzu wina wokhakhala ndi kulipaka phula la njuchi, kuti mizere ya mtengo ioneke monga idabadwira.

Nanga kukongola kwake kukuchokera kuti? Kukuchokera m'zomwezi. Miyendo siima chilili ngati ya msilikali. Imatangadza pang'ono pansi ndi kuwonda pang'ono pokwera, monga zimachitira nsanamira za nyumba zamatabwa za ku China, ndipo diso limaona kukhazikika lisanadziwe chifukwa chake. Thabwa lochirikiza limatakata pamene lakumana ndi mwendo, chifukwa mphamvu ikufunika pamenepo, ndipo mmisiri akafuna kukometsa amangozungulitsa m'mphepete mwa malo omwewo kuti pafanane ndi mtambo. Chokometsera chimamera pa chiwalo chogwira ntchito. Mukayesa kuchotsapo chinthu chimodzi tebulo ligwedera, ndipo mukaonjezapo china chidzaoneka ngati mlendo wosaitanidwa. Umu ndi mmene ife timadziwira ntchito yakupsa, kaya ndi tebulo, kaya ndi mtondo, kaya ndi nkhani yolembedwa.

Kuti zimenezi zimveke bwino, tiyerekeze ndi matebulo ambiri a kunyumba yachifumu m'nthawi ya mfumu Qianlong, imene idalamulira kuyambira 1736 mpaka 1795. Mtengo wake ndi zitan womwewo, nthawi zina wabwino koposa wa tebulo lathu lija. Koma thupi lonse adalisema zinjoka ndi mitambo, n'kuphatikamo miyala yamtengowapatali, kotero kuti munthu sangaonenso pamene mwendo wathera ndi pamene thabwa layambira. Osema ake adali akatswiri, zimenezo sitikutsutsa. Komabe luso lawo lidalembedwa ntchito yolengeza chuma cha mwini wake, ndipo tebulo lidaleka kukhala malo amene munthu angaiwalirepo zonse n'kutsata burashi yake. Ngati mtengo ukadakhala gwero la kukongola, matebulo a Qianlong akadapambana. Akatswiri ambiri a mipando a m'zaka za m'ma 1900 adasankha za Ming. Hans Wegner wa ku Denmark adapanga mpando wake wotchedwa China Chair m'chaka cha 1944 potengera mipando ya Ming, ndipo adatengako maonekedwe ndi kamangidwe, mtengo adagwiritsa ntchito wina.

Anthu oweruza matebulo amenewa adayamba kalekale, ndipo nawonso ayenera kuweruzidwa. Cha m'ma 1620, Wen Zhenheng, mdzukulutubzi wa wojambula wotchuka Wen Zhengming wa ku Suzhou, adalemba buku lotchedwa Zhangwu zhi, kutanthauza nkhani ya zinthu zimene munthu angathe kukhala popanda izo. M'menemo adalangiza kuti tebulo lolembera likhale lotakata pakati, la felemu yopyapyala ndi miyendo yowonda yosatalika kwambiri, ndipo adanyoza zosemasema za zinjoka ndi maluwa kuti n'zachabechabe. Diso lake lidali lakuthwa, ndipo pa maonekedwe tikugwirizana naye. Koma Craig Clunas, katswiri wa mbiri ya zaluso wa ku Britain, adaonetsa m'buku lake la m'chaka cha 1991 kuti malangizo otere adalinso mpanda wolekanitsa mabanja akale ophunzira ndi amalonda ongolemera kumene, amene ndalama adali nazo zogulira chilichonse. Kwa Wen, kudziwa tebulo labwino kudali chizindikiro cha kubadwa bwino. Adaphunzitsa ogula kusankha, koma amene adapala matabwawo adawasiya kunja kwa mpanda. N'chifukwa chake pafupifupi matebulo onse a Ming alibe dzina la mmisiri, ndipo n'kovuta kunena chaka chenicheni chimene lililonse lidapangidwa.

Amene adabwezera mmisiri ulemu wake adadza mochedwa. Gustav Ecke, Mjeremani amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Akatolika ya Fu Jen ku Beijing, adasindikiza buku lake la mipando ndi matebulo a m'nyumba za Atchaina m'chaka cha 1944, nkhondo ili m'kati. Mphamvu ya bukulo ili m'zojambula za Yang Yao, amene adayeza chiwalo chilichonse ndi kuonetsa mfundo zobisika ngati kuti mtengo ndi galasi. Pambuyo pake padadza Wang Shixiang, amene adabadwa mu 1914 n'kumwalira mu 2009. Iyeyu ankazungulira Beijing ndi midzi yoyandikira pa njinga, kufunafuna mipando ndi matebulo akale amene eni ake ankawaona ngati zotha ntchito, ndipo ankakhala pansi ndi amisiri okalamba okonza katundu wakale, kulemba maina amene iwo ankatchulira mfundo iliyonse. Munthu wophunzira kwambiri adavomera kukhala mwana wa sukulu wa akalipentala, podziwa kuti safunsa adadya phula. Chipwirikiti chimene chidayamba ku China mu 1966 chidamulanda katundu wake, koma zinthu zitakhazikika zambiri zidabwezedwa, ndipo adasindikiza mabuku ake awiri akuluakulu mu 1985 ndi mu 1989. Adandandalika makhalidwe abwino 16 ndi zilema 8 za mipando ndi matebulo, ndipo pakati pa zilemazo pali kuchulutsa zokometsera, kunenepa kopanda ntchito, ndi kuika chokometsera pamalo posayenera. M'zaka za m'ma 1990 banja lina la ku Hong Kong lidagula zinthu 79 za m'nyumba mwake n'kuzipereka ku nyumba ya zakale ya ku Shanghai, ndipo tebulo lathu lija lili pakati pa zimenezo.

Wina angatifunse kuti: kodi mtengo ulibe gawo konse? Gawo uli nalo, ndipo tisalibise. M'chaka cha 1567 boma la Ming lidafewetsa lamulo loletsa malonda apanyanja, ndipo mitengo yolimba ya kumaiko otentha idayamba kufika yambiri, kuonjezera pa huanghuali wa pachilumba cha Hainan. Mtengo wolimba ndi wothinana chotere umalola mmisiri kusema msuka waung'ono wosathyoka ndi mwendo wowonda wosapindika. Koma malumikizidwe ambiri adalipo kale mitengoyi isanachuluke, popeza adachokera ku ntchito yomanga nyumba. Ndipo m'midzi yozungulira Suzhou amisiri ankapanga matebulo a maonekedwe omwewo ndi mtengo wamba wa kumeneko wotchedwa jumu, pamene kumpoto, ku Shanxi, ankagwiritsa ntchito mtengo wina wamba wotchedwa yumu. Wang mwini wake adalemekeza matebulo a jumu. Mtengo wabwino m'manja mwa mmisiri uli ngati nthaka yachonde m'manja mwa mlimi: umathandiza, koma mzere suudzilima wokha.

Msika sudamve phunziro limeneli. Mabuku aja atatuluka, ogula adadzaza midzi ya ku China kusakasaka huanghuali ndi zitan, ndipo mitengo yake ya ndalama idakwera modabwitsa. M'mwezi wa Malichi 2015, pa okushoni ya Christie's ku New York, mipando inayi ya huanghuali ya malemu Robert Ellsworth idagulidwa ndi madola oposa 9 miliyoni. Zakale zitachepa, anthu olemera kumene a ku China adafuna zatsopano zofanana nazo, ndipo mafakitale adayamba kupanga mipando ndi matebulo a mitengo yofiira imene onse amaitcha hongmu. M'chaka cha 2000 boma la China lidakhazikitsa mndandanda wa mitundu 33 ya mitengo yoyenera dzina limeneli, ndipo kuyambira pamenepo funso loyamba la wogula lidasanduka la dzina la mtengo. Ena mwa mafakitalewo amatsata malumikizidwe akale mokhulupirika, koma ambiri amasema ndi makina zinjoka zomwe zija zimene Wen adanyoza, n'kumata mfundo ndi guluu wosamasuka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Huanghuali wa m'tchire la Hainan adatsala pang'ono kutheratu, choncho odula adalowera ku Laos, Cambodia ndi Myanmar, kenaka ku Madagascar ndi kuzambwe kwa Afirika. Bungwe la United Nations loona za umbanda lidalengeza mu 2016 kuti pa zinyama ndi zomera zonse zozembetsedwa zimene zidagwidwa pakati pa 2005 ndi 2014, mitengo yofiirayi idatenga magawo 35 pa 100 alionse a mtengo wake wa ndalama, kuposa minyanga ya njovu. Nkhwangwa idafikanso kuno. Mtengo umene anzathu a ku Zambia amautcha mukula, mbale wake wa mlombwa, suli pa mndandanda uja, koma umafanana ndi zitan, ndipo kufananako kudakwanira kuti zipika zake zitengedwe pa malole kupita kumadoko, ngakhale boma la Zambia lidaletsa kangapo. M'chaka cha 2019, ku Geneva, dziko la Malaŵi ndilo lidapempha maiko a pangano la CITES kuti malonda a mukula aziyang'aniridwa, ndipo pempholo lidavomerezedwa. Mu 2022, ku Panama, chitetezo chomwecho chidafikira abale onse a mlombwa a mu Afirika, pamodzi ndi mbawa ndi msambamfumu. Taonani utali wa ulendo umene kuweruza kolakwa kwayenda: munthu wa ku Shanghai akaganiza kuti ulemu wa tebulo uli m'dzina la mtengo, phiri la ku Zambia limatsala lambee.

Tisafulumire kuloza chala kutali, pakuti matenda omwewo ali pakhomo pathu. Tikapita kwa kalipentala kukagula tebulo, funso lathu loyamba limakhala lakuti, "Kodi ndi mlombwa weniweni?" Ndi angati mwa ife amene amalitembenuza kuti aone ngati mwendo udalowa m'bowo lake kapena udangokhomeredwa misomali iwiri n'kubisidwa ndi vanishi? Timalipira mtengo, masiku a mmisiri timakana kuwalipira, ndipo iye, pokhala ndi ana ofuna kudya, amaphunzira kufulumira. Pakutha pa madzinja awiri kapena atatu thabwa lang'ambika, miyendo ikugwedera, ndipo timabwereranso kukadulitsa mlombwa wina umene udatenga zaka makumimakumi kuti ukule. Madesiki othyoka amene timawaona ataunjikidwa kuseri kwa makalasi ambiri amanena nkhani yomweyi. Tebulo limene lakhala zaka 400 lapulumutsa mitengo yonse imene ikadadulidwa polisintha, ndipo tebulo la paini wa ku Chikangawa lolumikizidwa bwino lili pafupi ndi mzimu wa Ming kuposa la mukula lomatidwa ndi guluu.

Chiweruzo chathu tsono n'chotere. Tebulo la ku Shanghai ndi ntchito yaikulu chifukwa mmisiri wake adadziwa khalidwe la mtengo nalimvera, adadziwa ntchito ya wolemba naipatsa malo, ndipo adadziwa polekera. Adasamalira kunsi kwa thabwa, kumene mwini tebulo sankayang'anako, monga momwe adasamalirira pamwamba. Pu Tong adalembetsa dzina lake pa tebulolo, ndipo tikumuthokoza potisungira mbiri yake. Mmisiri sadalembe kanthu, koma mfundo zake zikugwirabe mpaka lero. Tsiku limene tidzapitenso kwa kalipentala wa kwathu, tiyambe tagwada ndi kusuzumira kunsi kwa tebulo, timufunse mmene walumikizira miyendo, ndipo akatiyankha bwino timulipire masiku ake onse popanda kunyinyirika.